Atsibweni ndi Munda Wawo wa ku Mitundu

Senderani kuno, adzukulu anga, inu amene chimanga mumachidziwa chikakhala kale m'thumba, ndikuuzeni za atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene ankalima kwathu ku Mitundu, kumene phiri la Bunda limakupatsa moni ukangotsegula chitseko m'mawa. Iwo ndiwo anali mwinimbumba wathu, ndiye pokwatira sanapite kuchikamwini, akazi awo anachita kuwatenga chitengwa. Sukulu analekeza pamene munthu amatha kulemba dzina lake ndi kuwerenga sikelo ya pamsika kuti asamubere. Koma munda wawo anthu odutsa ankachita kupatuka panjira, njinga n'kuitsamiritsa pamtengo, kuima manja ali m'chiuno osalankhula kanthu.

Mundawo unali umodzi, wotsetsereka pang'ono kulowera kudambo, koma atsibweni sankautchula ngati umodzi. Kunali kumtunda kwa katondo wofiira womata kukhasu, kunali pachulu, kunali pansi pa msangu, kunali kumchenga kumene madzi ankangolowa osatsanzika, ndipo kumunsi kwenikweni kunali makande akuda ong'ambika m'chilimwe mpaka mwana wa nkhuku kugweramo. Akakutuma kumunda osatchula mbali, unkayenera kufunsa, chifukwa mbali iliyonse inali ndi mbewu yake, tsiku lake lobzala ndi chakudya chake. Kumchenga kunkapita mtedza ndi nzama. Pachulu pankayanga maungu ndi mphonda, ndipo pamenepo manyowa sankathirapo n'komwe, ankati chiswe chinathira kale. Kumakande ankachedwa kubzala, kudikira kuti nthaka imwe ikhute, mizere yake n'kuikweza kuti chimanga chisaime m'madzi mwezi wa February.

M'mawa uliwonse wa dzinja, phala lisanapse, ankayenda mzere ndi mzere mame akunyowetsa miyendo ya kabudula wawo wakhaki, ine ndili pambuyo ndi kakhasu kanga. Sankathamanga. Ankagwira tsamba, kulitembenuza, kuliyang'ana kunsi. Tsamba lam'munsi likayamba chikasu kunsonga n'kumatsikira pamsana pake, ankati, “Mphwanga, ichi chili ndi njala, si matenda ayi.” Mmera ukafiirira m'mphepete mwa masamba ngati wapsa ndi chisanu, ankadziwa kuti mizu sikupeza chakudya chokulitsa. Akaona timabowo tondondozana patsamba longotambasuka kumene, ankasuzumira kumtima kwa chimangacho kufuna kapuchi, n'kutsinira kaphulusa kapena kadothi momwemo. Ngakhale udzu ankauwerenga. Pomera bonongwe wonenepa ndi chisoso chobiriwira ankamwetulira, koma akangoona kaufiti ndi timaluwa take tofiira, nkhope inkagwa. Ankamuzula asanachite njere, kumunyamula m'dengu kukamutentha kutali, ndipo chaka chotsatira pamalopo sipankabzalidwanso chimanga.

Fungo limene ndimalikumbuka kwambiri si la mondokwa wootcha, ngakhale limenelo nalo ndimalilota. Ndi la manyowa okupsa. Kuseri kwa khola kunali maenje amene tinkatayamo chilichonse: ndowe, zitosi za nkhuku, makoko a mtedza, masangwe a nyemba, phulusa la pamafuwa, zinyalala zosesa pabwalo. Atsibweni ankazika ndodo pakati pa dzenjelo, ndipo masiku ena ankaizula n'kuigwira ndi dzanja. Ikakhala yotentha ankati mphika uli pamoto. Ikazizira, manyowawo atada bii, akufumbutuka m'manja, osanunkhanso khola koma fungo la nthaka ya m'nkhalango, ngolo inkayamba ulendo wake mwezi wa August ndi September, ng'ombe zikukoka mwaulesi, fumbi lili kobo. Sankamwaza paliponse. Milu yambiri inkatsitsidwa kumchenga ndi kumtunda kumene chimanga chinafooka chaka chathacho, pakuti malo otero ankawaika chizindikiro ndi kamtengo pokolola. Manyowawo tinkawayala m'khwawa pamodzi ndi mapesi, kenako n'kung'amba mzere wakale kuwakwirira, kuti mzere watsopano ukhale pamwamba pa chakudya chake.

Mapesi awo sankapsa. Anyamata osaka mbewa, amene mwezi wa July ankayatsa minda ya anthu mopanda manyazi, pofika m'malire mwa atsibweni ankazimitsa okha moto ndi nthambi zaziwisi. Munthuyo sanali waukali, koma ankatha kukukhazika pansi n'kukufotokozera ubwino wa mapesi kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka kupendeka, ndipo anyamata ankaona kuti bola chikwapu.

Za mizere yopingasa anali nayo nkhani yakeyake. Ankatisimbira za malimidwe a nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, pamene boma linkakakamiza anthu kuunda mizere ndi milambala, wokana n'kumulipitsa kapena kumutsekera. Anthu anadana nazo kwambiri, ndipo mkwiyo umenewo unathandiza kukoleza moto wa ndale zofuna ufulu. Atsibweni nawo ankadana ndi chindapusacho, mpaka ukalamba wawo akachitchula ankalavula. Koma ankati amene anali wolakwa ndi mwini chikwapu, osati mlambala. Ena atagumula yawo posangalala kuti azungu apita, iwo anasiya yawo ili chilili, n'kubzalamo nsenjere zodyetsa ng'ombe. Ankatsekanso makwawa ndi timizere tating'ono todutsa, kuti mvula ikagwa madzi akhale pomwepo n'kumalowa pansi pang'onopang'ono. Ng'amba ikabwera mu January, minda yoyandikana nayo masamba atapotana, chawo chinkapirira masiku angapo osafota, ndipo masiku angapo amenewo ndiwo ankasiyanitsa nkhokwe yodzaza ndi yatheka.

Msangu uja ndiye unali ngati munthu wa pabanja pathu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lachilendo: mitengo ina ikamaphuka ndi mvula, iwo umayoyola masamba ake onse n'kuima mbulanda dzinja lonse, ndiye chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa, kwinaku chikudya masamba owolerana aja. Chilimwe chikafika, kunja kuli gwaa, ndi pamene umavala, n'kugwetsa nyemba zake zopotana zimene mbuzi zimathamangira. Chimanga cha pansi pa msangu chinkatalika kuposa china chonse, chobiriwira mochita kuderako, zitsononkho zake zolemera. Pamenepo ndi pamene tinkapumira polima, kumwa thobwa wa mawere m'chipanda, ndipo mwana wa msangu akamera pena paliponse m'munda, atsibweni ankamuzikira timitengo kuzungulira kuti khasu lisamudye. Patapita zaka zambiri ndinamva akatswiri a zamitengo akulimbikitsa alimi pawailesi kusunga misangu ndi kubzala gliricidia amene anamuyesa ku Makoka, kufupi ndi Zomba, ndipo ndinangoseka ndekha.

Mbewu sinali m'manja mwawo. Imeneyo inali ntchito ya agogo aakazi, amayi awo, ndipo ngakhale mwinimbumba sankayerekeza kulowererapo. Agogo ankasankha chimanga chikadali chiimire m'munda, tisanasanje mikukwe: chitsononkho chodzaza mpaka kunsonga, chovala makoko otseka bwino kuti madzi ndi anankafumbwe asalowe, chochokera paphesi lolimba losagwa ndi mphepo. Ankazimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe n'kuzipachika kutsindwi la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzizifukiza mpaka zide ndi mwaye. Pobzala ankatong'ola njere za pakati pokha, za kunsonga ndi kutsinde n'kuponyera nkhuku. Nyemba ndi khobwe ankazisakaniza ndi phulusa n'kuzimatira mumtsuko. Ndikamatseka maso ndimawaonabe atakhala pamphasa miyendo ili tambalale, lichero lili pamiyendo, akutola njere yofumbwa imodziimodzi uku akung'ung'udza.

Nthawi ya Kamuzu ulimi unali ndi ulemu wake. Iye mwini ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ndipo ankayendera minda m'dzinja. Kuchigawo chathu kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme kuyambira 1968, ndi misewu yake, zitsime ndi ngongole za feteleza, kenako mu 1971 ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Alangizi ankayenda panjinga, magazini ya Za Achikumbi ili m'chikwama. Atsibweni ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando ndi chikho cha thobwa, kumvetsera zonse mpaka kumapeto. Akachoka, ankapatula mizere yowerengeka kumtunda n'kuyesa zimene auzidwazo, pambali pa mizere yolimidwa mwa masiku onse. Pokolola madengu a uku ndi a uku ankawerengedwa padera. Chinthu chikapambana kawiri, chinkalowa m'munda wonse. Chikalephera, mlangizi ankauzidwa mwaulemu, ndi thobwa lomwe.

Ndi mmene chinalowera chimanga cha haibulidi. Chinkabereka ndithu, palibe ankatsutsa, koma agogo atachiyesa mumtondo anakwinya nkhope. Chinali chofewa, pokonola chinkanyenyeka n'kuthera kumadeya, mphale yake yochepa, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza mvula isanagwe. Ndiye panakhala pangano: haibulidi ndi wa ku ADMARC, wogulira mchere, sopo ndi fizi yathu, pamene cha makolo, cholimba chonyezimira chija, ndi cha m'nkhokwe. Panganoli linakhala mpaka 1990, pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, haibulidi wa njere zolimbirako amene amakonoleka. Agogo anali atatisiya kale. Akazi awo a atsibweni ndiwo anagwira munsi, n'kupeta, n'kuyang'ana mphale m'lichero nthawi yaitali, kenako anati, “Ichi chikhoza kulowa m'nkhokwe.” Ofufuza aja anagwira ntchito zaka zambiri, koma chiphaso chenicheni chinaperekedwa pamtondo.

Tsono chingwe. Chinkakhala chokulungidwa pakamtengo, chopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo mwana sankachigwira kuti akamangire mbuzi. Chinali ndi mfundo motalikirana mofanana, ndipo tsiku lobzala, mvula yeniyeni itagwa, osati chizimalupsa chonyenga chija, awiri ankachikoka pamwamba pa mzere, wina n'kumatema mapando pamfundo iliyonse, ife ana tikutsatira ndi mbale za mbewu, kuponya, kufotsera ndi chidendene. Masiku amenewo malangizo anali akuti mizere italikirane masentimita 90, mapando masentimita 90, njere zitatu paphando. Atsibweni akakupeza waponya zisanu ankakufukulitsa. Ankati mmera ndi poyamba, ukalakwitsa tsiku lobzala udzapalira cholakwikacho chaka chonse.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, iwo tsitsi lili mbuu, kunabwera kabzalidwe ka Sasakawa: mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi yokha paphando. Anthu ambiri anaseka, amvekere njere imodzi ikadyedwa ndi mbewa ndiye kuti phando lagona ndi njala. Nkhalamba ija inangotenga chingwe china n'kumanga mfundo zatsopano. Mdzukulu wawo wina wa kusekondale anawawerengera kuti kabzalidwe kakale kamapereka mapesi pafupifupi 37,000 pahekitala, pamene katsopanoka kamapitirira 53,000, ndipo phesi lililonse limadya lokha popanda kulimbirana ndi anzake. Atsibweni anayesa monga mwa chizolowezi chawo, n'kupeza kuti pakatondo ndi pansi pa msangu n'zoona, zitsononkho zinali zofanana kukula, zopanda tiana tonyozoloka. Koma kumchenga anakana. Anati kuchulutsa pakamwa pomwe chakudya chili chochepa n'kuitana njala. Panalinso dandaulo la amayi, ndipo linali lomveka: m'mizere yothinana chotero maungu sayanga bwino, nanga nkhwani wa mfutso uchokera kuti? Choncho pachulu ndi m'mphepete monse munatsala mwa kale, chimanga chotalikirana, maungu, zipwete ndi khobwe zikuyanga pansi pake.

Feteleza ankamulemekeza chifukwa ankadziwa mtengo wake. Sindinawaonepo akumwaza ndi dzanja. Muyeso unali kachitsekerero ka botolo la Fanta, ndipo aliyense wothira ankakhala ndi kake ndi kamtengo kosongola. Umabaya kadzenje pambali pa mmera, kutalika kwa chala, osati patsinde penipeni kuopa kuwotcha, kuthira, n'kukwirira. Wokulitsa, uja wa 23:21:0+4S, ankalowa chimanga chikangomera. Wobereketsa, urea, ankatsatira patatha masabata atatu kapena anayi, munda utapaliridwa kale, nthaka ili yonyowa, chifukwa ankati kuthira muudzu n'kunenepetsa mdani, ndipo urea wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa. Kagawidwe kake kanali ka mayi wogawa nkhuku imodzi pabanja lalikulu, amene amadziwa woyenera ntchafu, woyenera phiko ndi amene akhute ndi msuzi: pansi pa msangu pang'ono chabe, pachulu ayi, kumtunda kofooka kachitsekerero kodzaza. Makuponi atabwera mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, matumba awiri a makilogalamu 50 amene ena ankawamaliza pa ekala imodzi, iwo ankawafikitsa patali, chifukwa pansi panali kale manyowa. Ankanena kuti feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chino, koma nthaka imadya manyowa.

Chimanga sichinkabwerera pamalo amodzi zaka zambiri motsatizana. Pamene pachoka mtedza pankalowa chimanga, ndipo chinkaoneka kuti chapeza zabwino. Nandolo kwathu sanali wofala ngati kummwera, koma iwo anabwera nayo mbewu kuchokera kwa anzawo a ku Balaka n'kumaibzala m'mizere ya mtedza. Mizu yake imaboola chidindo cholimba chimene khasu limasiya pansi pa mizere, masamba ake amayoyokera pomwepo, ndipo mitengo yake tinkaphikira. Mtedza wawo unali Chalimbana wa njere zikuluzikulu, kenako anawonjeza CG7 wofiira uja. Pa mtedza ndi pamene ankaonetsa kuti kuchuluka si ubwino. Ankaukumba utakhwima bwino, kuuumitsa mitsitsi ili m'mwamba kuti usagone padothi lonyowa, ndipo mchitidwe wowaza madzi kuti makoko afewe poswa, kapena kuti thumba lilemere pasikelo, pakhomo pawo unali mlandu. Ankati madziwo ndiwo amaitana chuku, ndipo chuku ndi poizoni ngakhale usamuone. Madzulo tinkakhala mozungulira mulu, kuswa ndi zala mpaka kuchita matuza, agogo akuimba nthano, wonyala ndi wakuda tikuponya m'mbale ina. Nsinjiro za mtedza umenewo mu nkhwani wotendera, ndi nsima ya ufa woyera wonunkhira mphale yoviika, adzukulu anga, zinthu zina n'zosafotokozeka kwa munthu amene sanadyeko.

Njala ya 2002 inatipeza tonse, ndipo sindikonda kuikamba. Anthu anadya madeya ndi mitsitsi ya nthochi, ndipo chimanga chinkabedwa chikadali chachiwisi. Atsibweni, amene njala ya 1949 anaiona ali mnyamata, anali ndi mbatata ndi chinangwa kumunsi kwa dambo, zimene ankabzala chaka chilichonse ngakhale anthu aziti n'kutaya nthawi. Mbumba yonse inadya pamenepo, ndi ena amene sitinkawadziwa n'komwe. Mbewu ya kutsindwi yokha ndiyo sanalole kuti munthu aikhudze.

Anatisiya zaka zingapo pambuyo pa makuponi aja, ndipo mundawo tsopano uli m'manja mwa mdzukulu wa mlongo wawo, mtsikana wochangamuka amene amayenda ndi foni m'thumba la chitenje. Za nyengo amamvera pafoniyo. Amadziwa kuti dothi likhoza kutumizidwa ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Lunyangwa kukapimidwa kuti adziwe ngati lili ndi asidi wofuna laimu kapena likusowa mchere wanji, ndipo potapa dothilo sasakaniza la kumchenga ndi la kumakande. Amandiuza za tindege topanda woyendetsa timene timajambula minda kuchokera m'mwamba n'kuonetsa pamene mbewu zafooka, ndi kuti ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata zimenezi mu 2020. Ine ndimavomera kuti n'zabwino, makamaka kuminda ikuluikulu kumene munthu sangathe kuyenda mzere uliwonse. Atsibweni sakanazikana. Akanapatula mizere yawo yowerengeka kumtunda, n'kuuza kandegeko kuti kanene maganizo ake, iwo n'kupita kukasuzumira okha.

Mbozi zachilendo zitafalikira m'dziko muno mu 2017, zodya chimanga kuyambira kumtima, ambiri anathamangira mankhwala n'kupopera munda wonse, ena mochedwa mbozi zitakula kale n'kubisala. Mtsikanayu anayamba kulawirira m'mawa, kuyenda modutsa m'munda, kutembenuza masamba kufuna mazira, kuwaphwanya ndi chala, kuthira dothi ndi phulusa kumtima kwa phesi logwidwa, mankhwala n'kupopera pokhapo pamene zachuluka. Anaphunziranso kwa amayi anzake a m'kalabu kuwaza msuzi wa usipa pachimanga, kuti nyerere zibwere ndi fungolo n'kugwira mbozizo. Zonsezi nkhalamba ija ikanagwedezera mutu movomereza. Koma za msuziwo zokha akanakangana naye mpaka dzuwa kulowa, chifukwa munthu uja msuzi wa usipa ankachita kuupukuta ndi mbamu yomaliza mpaka mbale kuwala.